Holo ya Pamwamba

"Holo ndalipira kale, nkhani imeneyo yatha," anatero Azakhali, uku akutsitsa chikwama chawo patebulo ngati akukhoma msomali. "Tiyeni tikambe za keke."

"Sinathe, azakhali," anayankha Mzime. "Ndafunsa funso limodzi ndipo simunandiyankhe. Holoyo ili pamwamba pa hotela. Achimwene akakwera bwanji?"

Amayi, amene ankapinda zovala zochapa pakona pa balaza, anafunyulula malaya amene anali atapinda kale n'kuyambanso kuwapinda. Mzime anali mwana wawo wotsiriza, ndipo ukwati wake ndi mnyamata wokonza magetsi unali utatsala milungu yowerengeka. Azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo a m'nyumbamo, ndiwo anali wapampando wa komiti ya ukwati. Komitiyo inali ndi anthu ambiri ndithu, koma ikakhala pansi, wolankhula anali Azakhali, wotsutsa Azakhali, wovomereza Azakhali omwewo.

Pakhomo, theka mkati theka kunja, panali chikuku cha Achimwene, mwana woyamba wa Amayi. Miyendo yawo inapuwala ndi poliyo ali mwana, ndipo ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo kumsewu waukulu. Msewu wonse, ngakhale nkhalamba za imvi, unkangowatcha Achimwene. Madzulo amenewo anali ndi nsapato ya mwana wasukulu pamiyendo, akuipaka guluu ndi kamtengo.

"Musavutike ndi ine," anatero osadzutsa mutu. "Mudzandimange chingwe m'chiuno, alamu anga adzandikokere pawindo ngati thumba la simenti. Anthu adzayesa zili pa pulogalamu, adzawomba m'manja."

Anaseka ndi Azakhali okha.

"Wamva? Mwini wake alibe nazo mawu, iwe ndiye ukulira kuposa namfedwa. Komanso nyumba singatsale yokha tsiku lotere. Akuba amadziwa tsiku la ukwati kuposa oitanidwa. Pafunika munthu wamkulu wotsala pakhomo, ndipo wamkuluyo ndi ameneyu. Chakudya tidzamutumizira, nkhuku yathunthu ngati akufuna."

"Wakuba akadzabwera ndidzamuthamangitsa mpaka kumsika," anatero Achimwene. "Adzachita kupempha madzi akumwa."

"Nanga wondiperekeza kuguwa m'tchalitchi ndani?" anafunsa Mzime.

"Amalume ako a ku banki. Suti ali nayo, msinkhu ali nawo, galimoto ali nayo. Chithunzi chidzatuluka ngati cha pa kalendala."

"Amalume omwe aja anandipatsa moni pamaliro n'kufunsa kuti ndine mwana wa yani?"

"Nanga si unali utanenepa."

Mzime anatembenukira kukona. "Amayi, nenanipo kanthu."

Amayi anasalaza kolala ya malaya aja ndi chikhatho. Holo analipira ndi Azakhali. Mapoto akuluakulu anali a Azakhali, galimoto yodzanyamula mkwatibwi inali ya mwana wa Azakhali, ngakhale nsalu zodzayala pamatebulo zinali m'kabati ya Azakhali.

"Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, mwanawe," anatero Amayi chapansipansi. "Azakhali ako akwatitsa ana ambiri. Akudziwa zimene akuchita."

"Eya," anatero Azakhali. "Tsono keke. Ndikufuna yaitali, yosanjikiza, kuti ifanane ndi malo ake."

"Nayonso ikhala ndi masitepe?" anafunsa Achimwene. "Mundiuziretu, ndidziwe ngati ndidzaifikira."

Mawa lake masana Mzime anachoka pa sitolo ya mankhwala pamene ankagwira ntchito n'kupita kukhonde kwa Achimwene. Anawapeza timisomali tili pamilomo, akukhoma chidendene cha nsapato ya mzimayi wina amene anali chiimire ndi mwendo umodzi atagwira chipilala. Pambali panali mulu wa nsapato zoiwalidwa ndi eni ake, bokosi la ulusi ndi masingano, ndi kawailesi komangidwa ndi mphira.

"Mayi, nsapatoyi ndakonza, koma vuto si nsapato," anatero Achimwene atalavulira timisomali m'dzanja. "Mumaponda ngati dziko linakulakwirani. Tengerani chitsanzo kwa ine. Zanga ndinagula kalekale, mpaka lero pansi pake n'patsopano."

Mzimayiyo anachoka akuseka. Mzime anakhala pabenchi ya makasitomala.

"Dzulo bwanji simunandithandize?"

"Ndikanathandiza bwanji? Iwe ndi azakhali mukakumana, wanzeru amabisala kuseri kwa nsapato. Tamvera, Mzime. Ukwati ndi tsiku limodzi, banja ndi zaka. Usayambane ndi mlongo wawo wa abambo chifukwa cha mpunga wa masana amodzi."

"Si nkhani ya mpunga."

"Komanso ine maukwati amanditopetsa. Nyimbo zoboola makutu, zolankhula zosatha, munthu kumwetulira mpaka masaya kuwawa."

"Munapitako ku ukwati wa yani kuti mudziwe zimenezo?"

Achimwene anatenga nsapato ina pamulu n'kuyamba kuiyang'anitsitsa ngati yalembedwa nkhani.

Mzime anabweza phazi pansi pa benchi ndipo linagunda kaphukusi kokulungidwa m'nyuzipepala. Anakakoka, n'kukatsegula. Munali nsapato zakuda zatsopano, za chikopa chofewa, zosokedwa pamanja ndi ulusi wowongoka bwino. Zinali zazing'ono, ina yocheperapo kuposa inzake, ndipo zinali zitapukutidwa mpaka munthu kudziona nkhope.

"Izi n'za yani?"

"Za kasitomala."

"Kasitomala wa mapazi ngati anu?"

"Ukuyesa wokongola ndili ndekha m'dera lino?" Koma mawu awo anatsika. "Ndinayamba kuzisoka mlungu umene mnyamata uja anabwera kudzanena mawu kunyumba. Chikopa chinalipo, manja analipo. Zibwezere momwemo, zingagwire fumbi."

Mzime ali chigwirire nsapatozo, anatulukira mwini nkhani, makwerero ali paphewa, waya atakoleka m'khosi. Kunyumba onse ankamutcha Wamagetsi, kuyambira nthawi imene anabwera kudzakonza soketi imodzi ya kukhitchini n'kutha mlungu wathunthu akubwerabwera, soketiyo osatha.

"Inu, holo ija munaiona?" anafunsa Mzime moni asanathe.

"Ndinaona zithunzi pafoni ya azakhali. Anandifunsa kuti, yokongola eti? Ine n'kuti, yokongola. Sindinadziwe kuti pamenepo ndavomera."

"Masitepe munawaona?"

"Masitepe panalibe pachithunzi."

"Safunsa adadya phula, alamu," anatero Achimwene.

Wamagetsi anatsitsa makwerero, n'kuyang'ana nsapato zili m'manja mwa Mzime, kenako chikuku. Anakanda m'mutu.

"Tiyeni tikaone ndi maso, tonse atatu. Mwina sizili monga tikuopera."

"Ine ndipita," anatero Achimwene. "Ndikaoneko kumwamba kumene akundimanako."

Anapita Loweruka m'mawa. Mkulu wa hotela, bambo wa tayi yofiira ndi makiyi ambiri m'chiuno, anawalandira ndi manja awiri.

"Chikepe tilibe," anatero, "koma anyamata amphamvu tili nawo. Mabokosi a zakumwa amakweza tsiku ndi tsiku."

"Ndiye bokosi lanu la lero ndine," anatero Achimwene. "Lembanipo kuti losachedwa kusweka."

Masitepewo anali opapatiza, okhota pakati. Operekera zakudya anagwira chikuku uku ndi uku n'kuyamba kukwera akupumira m'mwamba. Pokhota paja tayala linakodwa pachitsulo chogwirira, chikuku n'kupendekeka. Wakutsogolo ankati kwezani, wakumbuyo ankati tsitsani. Achimwene anakakamira chitsulo chija ndi manja onse awiri, chipewa chawo n'kugwa, kugubuduka mpaka pansi. Pansipo mlendo wina wa pahotelapo anali atakweza foni akujambula. Mzime anatsika n'kukaima patsogolo pa foniyo, maso ali pa mwini wake, mpaka anaibweza m'thumba.

Pamwamba panali pokongola, Azakhali sananame. Mawindo a magalasi kuchokera pansi mpaka kudenga, nyali zolendewera ngati mikanda, pansi poterera ngati mbale yotsuka. Achimwene anazungulira holo yonse, matayala osamveka n'phokoso lomwe.

"Koma anthu amadyerera," anatero. "Bwana, nanga chimbudzi chili mbali iti?"

"Chili pansi, kuseri kwa malo olandirira alendo."

"Ndiye kuti ndikamwa botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi, anyamata onsewa abwererenso pantchito. Ndikamwa awiri, mulembe ena aganyu."

Potsika, operekera zakudya aja anayamba kukankhizana, aliyense akuopa kukhala kumunsi. Wamagetsi anagwada n'kubereka Achimwene kumsana, chikuku chikutsatira pambuyo chopanda munthu.

Panjira yobwerera Achimwene ankapalasa matayala mwamphamvu, awiri aja akuchita kuthamangira. Atafika pamthunzi wa mpanda wina anaima, n'kupukuta thukuta ndi chipewa.

"Alamu, msana wanu ndi wabwino, mlongo wanga wasankha bwino. Koma ine ndine munthu wa ndevu zanga. Kuberekedwa pamaso pa anthu ovala masuti, ayi. Bola ndilondere nyumba."

"Simudzaberekedwa," anatero Mzime, "ndipo simudzalondera."

Lamlungu masana komiti inakumana, anthu mpaka ena kukhala pamkeka. Makadi oitanira anthu anali atafika kuchokera kosindikiza, ndipo Azakhali ankawayendetsa m'manja mwa anthu ngati khanda lobadwa kumene. Achimwene anatsala pakhonde, pansi pa windo, akuti mkati mwachepa malo.

Mzime anadikira pemphero lithe, kenako anaimirira.

"Azakhali, ndi ulemu wonse, kuholo kuja sitikapitako. Tinakayesa dzulo. Achimwene anatsala pang'ono kugwa pamasitepe."

"Makadi awa wawaona? Dzina la hotela alemba ndi golide."

"Chikomekome cha mkuyu, azakhali, m'kati muli nyerere."

"Ukundiponyera miyambi ine? Ine amene ndinakusintha matewera?"

Wamagetsi anatsika pampando n'kunjuta, manja ali pamodzi. "Azakhali, cholakwa ndi changanso. Ndinavomera malo ndisanawaone, komanso ndisanaganize kuti odzabwerawo ndi ayani. Kwathunso kuli okalamba oyenda ndi ndodo, kuli mlamu wanga woyembekezera. Tinayambira kumchira. Timayenera kuyamba taona anthu athu, kenako n'kupeza malo owakwana."

Azakhali anasonkhanitsa makadi aja, n'kuwagunditsa patebulo kuti alingane. Atayambanso kulankhula, mawu awo anali otsika, osati a wapampando.

"Ana inu mukufuna ndinene zonse? Chabwino. Masitepe ndinawaona, maso ndili nawo. Holo imeneyo ndinachita kusankha. Akuchimuna adzabwera ambiri, ena ochokera kutali, osatidziwa. Akadzaona chikuku kutsogolo, adzayamba kunong'onezana kuti m'banja muno muli chilema cha kumtundu. Adzawerenga miyendo ya ana ako asanabadwe n'komwe. Mwana wanga wachiwiri anali ndi mwamuna wabwinobwino. Abale a mwamunayo atabwera kudzaona kwathu, anapeza ameneyu pakhomo pano. Mwezi sunathe, chibwenzi chinatha. Mwana wanga analira mpaka kuwonda. Ine ndikuteteza iwe, Mzime. Dziko ndalidziwa ndine."

Kenako kunamveka kulira kwa matayala pasimenti ya pakhonde. Okhala pamkeka anapinda miyendo, chikuku n'kulowa mpaka pakati pa balaza. Anthu anadikira nthabwala, koma nkhope ya Achimwene inalibe nthabwala.

"Azakhali, za msuweni wanga ndazimva lero, ndipo zandiwawa. Koma mwamuna wothawa chikuku akanathawanso matenda, akanathawa njala, akanathawa mwana wolira. Ameneyo sindinamuthamangitse ine, miyendo inali yake. Poliyo si wa kumtundu, madokotala ananena kalekale. Koma ngakhale akanakhala wa kumtundu, mtunduwo ndi wathu womwewu. Magazi a mlongo wanu ali mwa Mzime, alinso mwa ine. Simungaonetse anthu theka, theka linalo n'kulitsekera m'nyumba."

"Iwe nthawi zonse umaseka," anatero Azakhali. "Umati zilibe kanthu."

"Ndimaseka kuti inu musachite manyazi."

Amayi anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi ketulo ya tiyi. Anaitsitsa pansi pang'onopang'ono, n'kupukuta manja.

"Alamu," anatero akuyang'ana Azakhali, ndipo anthu anatembenuka, chifukwa mawu a Amayi pa komiti anali asanamvekepo. "Maukwati onse a m'banja lino, mwana wangayu wakhala akulondera nyumba. Wakuba sanabwerepo n'kamodzi komwe. Lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Mawa chikhoza kukhala pa ine kapena pa inu. Bambo a anawa atamwalira, yunifolomu ya Mzimeyu inkachokera m'nsapato za eni zimene uyu amasoka. Kusukulu ankapita atakhala pamiyendo pomwepo, pachikuku chomwechi. Wodzamuperekeza kuguwa ndi ameneyu. Ngati mapoto anu sangaphike chakudya cha ukwati wotere, tidzaphikira m'ndowa."

Azakhali anaimirira, chikwama kukhwapa.

"Ndiye kwatitsanani nokha. Galimoto iwalani, mapoto iwalani, nsalu iwalani. Ndione kumene muthere."

Achimwene anabweza chikuku m'mbuyo kuti awapatse njira. Azakhali anatuluka, anafika pampanda, n'kubwereranso kudzatenga ambulera imene anaiwala. Achimwene anabwezanso chikuku, n'kuwapatsira ambulerayo ndi manja awiri. Chitseko cha mpanda chitamenyetsedwa, anatembenukira kwa Amayi.

"Amayi, mwalankhula bwino kwambiri. Koma ndowa zathu zonse n'zodontha."

Amayi anaseka mpaka kukhala pansi pafupi ndi ketulo, misozi ikutsika, ndipo komiti yonse inasekera limodzi, aliyense kuseka kwa munthu amene wapulumuka ngozi koma sakudziwa kuti agona kuti.

Milungu yotsalayo inali ya liwiro. Ndalama za holo zinapita ndi mphepo, mkulu wa tayi yofiira anangotambasula manja. Aphunzitsi aakulu a sukulu yoyang'anana ndi tchalitchi anavomera kubwereketsa bwalo, koma Mzime sanayankhe msanga.

"Ulendo uno tiyambira kuchimbudzi," anatero.

Anayenda ndi Achimwene kuchokera pageti mpaka kuzimbudzi, kuchoka uko mpaka pampope, kuchoka pampope mpaka pamene padzakhale tebulo la akwati. Pamene tayala linatitimira mumchenga, Wamagetsi anabwera ndi anzake a kuntchito kudzathira dothi n'kupondaponda. Mwini sitolo ya zitsulo anapereka matabwa okhuthala, iwo n'kuwakhoma motsetsereka pamasitepe a tchalitchi. Achimwene anayesa kukwera ndi kutsika kangapo, ulendo womaliza n'kutsika osagwira matayala, mlonda wa patchalitchi akuwathamangira pambuyo.

Nkhani itamveka kumsewu, makasitomala anayamba kubwera ndi zambiri kuposa nsapato. Mzimayi woponda ngati dziko linamulakwira uja anapezeka kuti ndi wophika pa sukulu yogonera komweko, ndipo analonjeza kudzayang'anira kukhitchini. Woyendetsa takisi wina anati galimoto yake ndi yakale koma ikasambitsidwa imamvera. Bungwe lothandiza pa maliro linabwereketsa tenti yaikulu, vuto linali lakuti kutsogolo kwake kunalembedwa kuti TILI NANU PA CHISONI CHANU.

"Asafufute," anatero Achimwene. "Amenewo ndi mawu a kwa alamu anga."

Amayi anasoka nsalu ya maluwa n'kuphimba mawuwo. Makadi a golide aja anawakhwatcha ndi cholembera, n'kulemba pamwamba pake kuti bwalo la sukulu. Keke nayo inatsika, inasanduka yaifupi koma yotambalala, yoti aliyense alaweko.

Khadi limodzi Mzime analitenga yekha kupita nalo kwa Azakhali. Anawapeza akuthirira maluwa, ndipo sanasiye kuthirira.

"Ndabwera kudzakuitanani, azakhali."

"Kuitana ine ku ukwati wa pabwalo la mpira? Ndili ndi kuthamanga kwa magazi, dzuwa silindiyanja."

"Tenti ilipo. Mpando wanu uli kutsogolo, pafupi ndi amayi."

"Upatse amene amadziwa kukwatitsa."

"Chibale ndi fupa, azakhali. Ine bambo ndilibe. Nkhope yawo ndimaionera pa inu."

Azakhali anathirira duwa limodzi mpaka madzi kusefukira. "Siya khadilo pawindo," anatero osatembenuka. "Lisanyowe."

Kutatsala masiku awiri, munthu wa ngolo anaima pakhomo n'kuyamba kutsitsa mapoto akuluakulu. Atafunsidwa, anati wangouzidwa kuti atule, uthenga palibe. Amayi anasuzumira m'ngolomo, n'kusuzumiranso.

"Zivundikiro palibe."

"Mapoto abwera, zivundikiro zatsala," anatero Achimwene. "Ndiye kuti mkwiyo watsala theka."

Tsiku la ukwati kunacha bwino, kopanda mtambo. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena kuima m'mbali mwa khoma, akuchimuna mbali iyi, akuchikazi mbali iyo, anthu a kumsewu waukulu paliponse pamene anapeza malo. Mzime anatsika m'takisi yosambitsidwa ija, ndipo Achimwene anali akumudikira pamwamba pa matabwa, atavala jekete yotuwa, ndevu atameta mpaka kuoneka ngati mnyamata.

"Ndiwe yani iwe?" anafunsa. "Ine ndikudikira mlongo wanga, wina wake wamakani."

"Tiyeni, achimwene, musandiliritse, ndingawononge zodzola."

Kwaya inayamba nyimbo. Mzime anaika dzanja paphewa la Achimwene, iwo n'kuyamba kupalasa pang'onopang'ono. Mitu inatembenuka. Kumbali ya akuchimuna kunamveka manong'onong'o pang'ono, koma amayi a Wamagetsi anatembenuka n'kuyang'ana mzere umene munkachokera mawuwo, ndipo kunati zii. Pabenchi yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, panali chipewa chachikulu chobiriwira chimene banja lonse linkachidziwa. Mwini chipewayo ankayang'ana kudenga ngati wabwera kudzayendera malata.

Kayendedwe kameneka anali atakayeserera kangapo mkati mwa mlungu. Chimene palibe anaganizira n'chakuti poyeserera Mzime sankavala velo. Velo yake inali yaitali, yokwekwereza pansi, ndipo atafika pakati pa tchalitchi nsonga yake inalowa m'masipoko a tayala la chikuku. Tayala linazungulira kamodzi, mutu wa mkwatibwi n'kupendekera kumbali. Linazunguliranso, Mzime n'kuwerama ngati akufuna kunong'oneza Achimwene nkhani.

"Imani," anatero ndi mawu a m'mano. "Mukundivula."

Achimwene anaima. Anayesa kubwerera m'mbuyo, velo n'kukulungika kwambiri. Operekeza mkwatibwi anali kale kutsogolo, maluwa ali m'manja, akungoyang'anana. Kwaya inamaliza ndime n'kuiyambiranso. Wamagetsi anaponya phazi limodzi kuti abwere, abusa n'kumugwira mkono.

Kenako kunamveka nsapato zazitali zikugogoda simenti kuchokera kumbuyo. Azakhali anafika, anapatsira munthu wapafupi chikwama osamuyang'ana n'komwe, n'kugwada pansi ndi diresi lawo lodula, bondo limodzi kenako linalo.

"Ukwati wopanda wamkulu umaoneka," anang'ung'udza, zala zili m'masipoko. "Velo yaitali chonchi popanda woigwira, anakuuzani ndani? Iwe, bweza pang'ono. Pang'ono, ndati. Basi. Tsono pita kutsogolo."

"Azakhali, girizi akudetsani," ananong'ona Achimwene.

"Khala chete, ndikugwira ntchito."

Anamasula nsaluyo pang'onopang'ono osang'amba ngakhale ulusi umodzi. Podzuka anagwira phewa la Achimwene n'kutsamirapo thupi lonse, chifukwa mawondo anali atakana. Zala zawo zinali bii, ndipo padiresi panali mzere wakuda. Anakonza velo pamutu pa Mzime ndi kuseri kwa dzanja, anasonkhanitsa yotsalayo m'mikono, n'kuima kumbuyo kwa awiriwo.

"Mukudikira chiyani? Yendani."

Anayenda atatu mpaka kuguwa, Azakhali atanyamula velo, chipewa chitapendekeka. Kwaya inapeza mathero a nyimbo yake. Abusa anatsegula buku, anayang'ana mpingo pamwamba pa magalasi, n'kufunsa kuti ndani akupereka mkaziyu kuti akwatiwe.

Anthu a kumsewu waukulu anayamba kumwetulira, akudziwa kuti apa patuluka mawu oti adzasimbe mwezi wathunthu. Achimwene anatsegula pakamwa. Palibe chinatuluka. Anayang'ana Mzime, anayang'ana Amayi pabenchi yakutsogolo. Anayesanso, koma misozi ndiyo inatsogola, kutsika m'masaya ometedwa aja mpaka pakolala.

Azakhali anawerama n'kuwagunda ndi chigongono.

"Yankha, iwe. Pakamwa pako paja pathawira kuti lero?"

Achimwene anapukuta nkhope ndi mkono wa jekete. Anatenga dzanja la mlongo wawo paphewa pawo, n'kuliika m'dzanja la Wamagetsi, n'kuwagwira onse awiri pamodzi ndi manja awo okhakhala.

"Ndine," anatero, ndipo mawuwo anamveka mpaka kwa oima pakhomo. "Ndine mchimwene wake."